Kazitape wa m'chikuta

Fungo la tewera louma pa mbaula silichoka m'mphuno. Ndi fungo la sopo wa mtanda wosatsukuluzika bwino, losakanikirana ndi makala onyowa ndi nsalu yotentha imene yatsala pang'ono kupserera. Mpaka lero ndikalimva, ngakhale pa nyumba ya eni, miyendo imafuna kudzuka yokha. Limandibwezera ku laini ya nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kumene ndinakulira, m'nyengo ya chiperoni, ndili mu Sitandade 4, mlongo wanga Limbani atangobadwa kumene.

Chiperoni cha kwathu si mvula yoti munthu n'kuithawa. Chifunga chimangotsika kuphiri n'kukhala pa minda ya tiyi masiku anayi kapena asanu osasuntha, mawawa akugwa osamveka n'komwe pa malata. Othyola tiyi ankaweruka atanyowa mpaka m'chiuno, akunjenjemera. Chovala ukachiyanika pa chingwe Lolemba, Lachinayi unkachipeza chikudonthabe. Tsono laini yonse inali ndi nzeru imodzi: kulowetsa mbaula m'nyumba, kuvundikira pamwamba pake dengu lakale lothyolera tiyi, n'kuyanika zovala pa dengupo. Zinkauma ndithu. Koma dengu ndi nsungwi youma, ndipo chaka cham'mbuyo mwake nyumba ziwiri za ku laini ya kumtunda zinapsa masanasana chifukwa cha nzeru yomweyi, eni ake ali ku ntchito.

N'chifukwa chake a ku ofesi anagula tizipangizo tolira tikamva utsi, n'kupatsa ababa anga katoni yathunthu kuti akakhome m'nyumba zonse. Ababa anali kalipentala wa pa esiteti, munthu wosalankhulalankhula, wa pensulo pa khutu ngakhale popita ku tchalitchi. Kachipangizoko kanali koyera, kozungulira ngati sosala, kali ndi diso lofiira limene linkaphethira kamodzikamodzi kusonyeza kuti kali moyo. Ankakakhoma ku phaso, m'chipinda chogona, patali ndi windo, chifukwa ankati utsi umayamba wakwera kudenga usanatsike kudzatsamwitsa wogona. M'nyumba iliyonse ankabwereza mawu omwewo: musakapake laimu, mwaye muzipukuta ndi nthenga ya nkhuku, kakayamba kulira kokha pang'onopang'ono ndiye kuti batire latha, mudzandiuze.

Iwo ankakatcha belu la moto, koma dzinali palibe analitsatira. Pa laini kanatchedwa kazitape. Anthu ankati diso lija likuwerenga amene akuba nkhuni za bulugamu wa kampani ndi amene akutcheza kachasu, moti ena akamanena kapitawo ankayamba ayang'ana kudenga n'kutsitsa mawu. Ambiri ankamuveka sokosi, poti ukangopsereza usipa pang'ono kazitape ankakuwa ngati waona wakuba. Choncho Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ababa ankatenga ndodo ya nsungwi n'kuyenda khomo ndi khomo, kudina batani kuti amve kulira, kuvula masokosi, kusintha mabatire. Anthu ankawaseka, iwo osalabada. Ine anandiphunzitsa kunyumba mmene batire limalowera ndi mmene amaliyesera pa lilime: lamoyo limaluma, lakufa limangomveka chitsulo.

Limbani anabadwa masiku asanakwane, chiperoni chitangoyamba. Anali wamng'ono moti chipewa chimene amayi anamulukira chinkamuphimba mpaka pa mphuno. Ku kiliniki anati chachikulu n'chakuti asazizidwe. Tsiku limene amayi anatuluka kunabwera amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, kuchokera ku Masambanjati kumene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Anafika ndi mkoko wa nthochi pa mutu ndi malamulo pakamwa. Ndinkawakonda, ndisaname. Anali oseketsa, opatsa, ndipo ndi iwo analera amayi anga makolo awo atamwalira. Koma akakwiya ankasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, ndipo pamenepo ngakhale nkhuku zinkachoka pakhomo.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi kuchipinda. Amayi aakulu anasandutsa chipindacho chikuta, malo a mayi ndi khanda kumene mwamuna saponda. Kwa ana ena chikuta chimatha mchombo ukagwa, koma iwo anati uyu ndi wanthete kwambiri, adikire mpaka masiku ake enieni akwane. Bambo akalowa msanga, anatero, mwana amatupa n'kutsogola. Ababa sanatsutse. Nyumba inali ya kampani, inde, koma kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mkamwini salimbana ndi alamu ake pa nkhani ya khanda. Anatulutsa bulangete lawo n'kumagona pabalaza, mwana wawo n'kumangomuonera pakhomo ali m'mansalu. Kazitape wathu anatsala m'chipindamo, kumene ndodo ya ababa sinkafikanso.

Tsiku lachiwiri, ababa ali ku ntchito, amayi aakulu analowetsa mbaula makala asanakolere. Utsi unati tolotolo, kazitape n'kuyamba. Mayo ine, phokoso lake! Khanda linatambasula timanja, n'kutsegula pakamwa osatulutsa mawu, nkhope ikuda. Amayi anayamba kulira. Amayi aakulu anagenda kudenga ndi patapata, n'kuphonya. Kenako anandikoka pa mkono, n'kukokera tebulo pakati, pa tebulopo n'kuikapo mpando.

"Edina, kwera uchotse chimene chikukuwitsa chinthuchi. Liwombo la mwana lilowa ndi phokosoli."

Ndinakwera, n'kutsegula, n'kuzula batire. M'nyumba munati zii. Nditatsika anandigwira pa chibwano n'kundiuza kuti za m'chikuta sizipita kwa amuna, ndipo mtsikana woulula zimenezi ndi wopanda mwambo, amanyozetsa mtundu. Amayi anatembenukira kukhoma. Batire lija palibe analifunsa, ndiye ndinangoliponya m'thumba la yunifolomu.

Lamlungu linafika. Ababa atamaliza laini yonse anadzaima pakhomo la chipinda, ndodo ili m'manja, zala za kumapazi zitalekeza penipeni pa mzere wa chitseko. Anapempha mwaulemu kuti andipatse ndodoyo ndikadine batani. Amayi aakulu anakana kwamtuwagalu, ati mwana wangogona kumene, kodi alamu mukufuna kumupha ndi zidole zanu za azungu? Ababa anatembenukira kwa ine.

"Edina, talowa uone. Diso likuphethira?"

Ndinalowa, n'kuyang'ana kudenga. Diso linali lakufa. Amayi aakulu anali kundiyang'ana uku akupinda tewera, osafulumira.

"Eya, ababa, likuphethira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu, n'kukaimika ndodo yawo pakona. Linali bodza langa loyamba kwa iwo, ndipo batire linali m'thumba la diresi langa la ku tchalitchi, likundigunda pa ntchafu.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikikenso. M'kalasi ndinasinthana malo ndi mnzanga kuti ndikhale pa windo loyang'ana ku laini. Utsi uliwonse unali wa kwathu. Wa ku chumuni cha fakitale ndinkaudziwa bwinobwino, komabe ukapotoka ndi mphepo ndinkaimirira kuti ndiuone bwino. Belu la buleki likalira anzanga ankapita ku phada, ine n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'mizere ya tiyi yonyowa, kukasuzumira pakhomo, n'kubwereranso nditachedwa, diresi litanyowa. Aphunzitsi anandikwapula kawiri, kachitatu anangondifunsa ngati ndatsegula m'mimba, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Samu sizinkalowa. Ndinkatulutsa batire pansi pa desiki n'kuliika pa lilime, likaluma n'kulibweza, patapita mphindi zochepa n'kulitulutsanso. Kaya ndinkafuna chiyani.

M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni wa masikono. Amayi aakulu anatseka timabowo ta mpweya ta pamwamba pa windo ndi zisanza kuti chisanu chisalowe. Mbaula inkayaka kuyambira m'mawa, dengu lili pamwamba, matewera akusinthana. Ndikakhalamo pang'ono mutu unkawawa. Amayi anali asanachire bwino, ndipo masana ankagona tulo tolemera, toti uwagwedeze kawiri asanatsegule maso. Limbani ankagona pambali pawo, m'kati mwa neti, ndipo kuchokera pa neti kufika pa dengu panali phazi limodzi la munthu wamkulu. Ndinaliyeza ndi maso kosawerengeka.

Lamlungu lachiwiri ababa anafunsanso funso lomwelo, ine n'kuyankha bodza lomwelo. Ulendo uno silinavute kutuluka, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa poyamba.

Chimene chinandithyola ndi tewera limodzi. Ndinalipeza pansi pa beseni pochapa, litakulungidwa m'kati mwa anzake. Pakati pake panali bowo lokwana chibakera changa, m'mbali mwake muli mwakuda, mouma, mothetheka ukakhudza. Amayi aakulu anandilanda msangamsanga n'kunena kuti ndi mphemvu. Mphemvu yanji yodya ndi moto? Tsiku lomwelo, iwo atapita kukasaka masamba kumsika wa pa geti, amayi ali mtulo, ndinakoka tebulo mosamala n'kukwera. Batire linandipulumuka kamodzi, n'kuligwirira pa chifuwa. Nditalilowetsa, kazitape anati tsi! kamodzi, ine n'kucheukira pa bedi. Palibe anadzuka. Diso lija ndinalimata ndi kachidutswa ka sopo kuti lisaoneke likamaphethira.

Tsopano ndinali ndi zinsinsi ziwiri, china kwa ababa, china kwa amayi aakulu, ndipo ntchito inachuluka. Ndinadziwa kuti utsi wa makala osakolera ukangolowa m'chipindamo ndagwidwa. Choncho ndinalanda ntchito yoyatsa mbaula. Ndinkadzuka tambala asanatsike, kuyatsira pakhonde, kukupiza ndi chivindikiro cha poto mpaka makala onse atafiira psuu, opanda kautsi n'komwe, ndiye n'kulowetsa. Ndikaweruka ku sukulu chimodzimodzi. Amayi aakulu anasangalala kwabasi, n'kumauza azimayi pa mpope kuti Edina wayamba kukhala mkazi, akadzatha msinkhu amuna adzapangira mzere. Anandipatsa nthochi yaikulu ya pa mkoko. Ndinaidya maso ali pansi.

Panapita masiku atatu. Lachinayi masana, chifunga chili ndii, madzi anabwera pa mpope atasowa kuyambira dzulo lake, ndipo amayi aakulu anandiuza kuti tithamange ndi ndowa mzere usanatalike. Asanatuluke anawonjezera matewera pa dengu, onse amene anatsala, n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Mpope unali kumapeto kwa laini. Tinaima pa mzere, iwo akuseketsa azimayi ndi nkhani ya madalaivala ogula nthochi, ine maso ali kunyumba. Ndowa yathu yoyamba itangofika pa theka, ndinamva kulira kuja.

Azimayi anaseka. Wina anati kazitape wa a kalipentala wayambanso, kaya ndani wapsereza ndiwo lero. Palibe anasuntha, poti phokosolo linali la tsiku ndi tsiku pa laini. Amayi aakulu anaima tcheru, n'kuyang'ana kumene likuchokera, n'kundiyang'ana ine.

"Nanga chija si tinachipha?"

Ndinataya ndowa n'kuthamanga, matope akundilapitsa. Ndisanafike ndinaona ababa akutuluka m'nyumba yoyandikana nafe, chopalira matabwa chili m'manja, n'kuchiponya pansi. Sindinadziwe n'komwe kuti ali pa laini. Analowa pabalaza ine ndili pambuyo pawo, n'kukankha chitseko cha kuchipinda. Utsi wakuda unatuluka n'kutiphimba. Ndipo pamenepo, pa mzere wa chitseko, anaima. Sanaime nthawi yaitali, mwina kupuma kamodzi kokha, koma ndinaona ndi maso angawa. Kenako analowa.

Dengu lonse linali lawilawi, ndipo m'munsi mwa neti munali mutayamba kusungunuka, mukudontha. Amayi anali atakhala tsonga pa bedi, akutsokomola, akufufuza ndi manja osadziwa kumene kuli khomo. Ababa anakankha dengu ndi phazi kulowera kukhoma, n'kung'amba neti, n'kunyamula Limbani, n'kumulowetsa m'kati mwa ovolosi yawo. Ndi dzanja linalo anakoka amayi. Pofika pamenepo azimayi a pa mpope anali atasiya kuseka, ndipo madzi amene tinawadikirira tsiku lathunthu anathera m'chipinda mwathu. Panja pa mawawa ababa anaima atagwira pachifuwa, osafuna kutsegula ovolosi, mpaka kamawu kanamveka m'katimo, kaukali, kolira. Aka kanali koyamba kuti anyamule mwana wawo.

Ku kiliniki anamuyeza n'kunena kuti utsi sunamulowe kwambiri. Anesi anakalipa koopsa atamva za timabowo totsekedwa ndi zisanza, ati makala amapha ngakhale popanda utsi wooneka, ndipo zimenezo belu la kudenga silimva. Anauza amayi kuti mwana azimufunditsa pachifuwa pawo, khungu kwa khungu, mbaula ikhale panja. Amayi anapsa pang'ono pa mkono ndi neti yosungunuka. Chipsera chake anapita nacho kumanda.

Amayi aakulu sanandilankhule masiku atatu. M'mawa uliwonse ankavundukula Limbani n'kumudina timapazi ndi chala, kudikira kutupa kumene ananena. Koma ndinaona kuti sakufuna kuti mawu awo aja apherezeke. Mwana sanatupe. Patatha mlungu anamanga katundu wawo, ati nthochi zikuwolera kumunda. Ababa anawaperekeza mpaka pa msewu atawanyamulira chikwama, ndipo za moto palibe anazitchula.

Ine ndinkadikira ndodo. Loweruka ababa anakwera pa tebulo kuti apukute kazitape mwaye wa moto uja. Anaona sopo pa diso, n'kumukanda ndi chikhadabo, n'kumununkhiza, n'kumupukutira pa ovolosi. Anadina batani, linalira, n'kutsika. Ndinali chiimire pakhomo, mawu onse nditawakonza kale, koma anangondiuza kuti ndibweze tebulo pamalo pake. Ndinaganiza kuti sanamvetse chimene chinachitika, kuti akuyesa kuti belu lawo linali lamoyo masiku onse aja. Ndinasangalala kuti ndapulumuka, komanso ndinadzida, chifukwa munthu amene analowa m'moto ndinali nditamunamiza kawiri.

Ndinaulula patapita zaka zambiri, iwo atapuma ntchito n'kukakhala cha ku Changata, ine ndili ndi ana anga. Anali pakhonde akukonza mpando wa oyandikana nawo. Ndinafotokoza zonse, za tebulo, za thumba la yunifolomu, za Malamlungu awiri aja. Anandisiya mpaka nditamaliza, osaimitsa ntchito.

"Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba," anatero. "Utsi ukutuluka pansi pa chitseko m'mawa uliwonse, belu lili phee. Ndinakhoma ndine zinthu zija."

Anandiuza kuti anapempha ku wekishopu kuti ntchito zonse za pa laini yathu azipatsidwa iwo, ndipo chitseko cha oyandikana nafe chija anachipala katatu chilibe vuto, kuti angokhala pafupi. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalowere n'kukabwezera okha batire, poti nyumba inali yawo. Anaika nyundo pansi.

"Mwana uja anali wa lero kapena mawa. Ndikanalowa, iye n'kutisiya, mudzi wonse wa amayi ako ukanati ndine. Amayi akonso akanati ndine, mpaka imfa. Ndinkafuna unene iweyo, kuti ndipeze poyambira."

Ndinakwiya, ndisabise. Khoswe anali pa mkhate, ndikuvomereza, koma katundu ameneyo si wosenzetsa mwana wa zaka khumi, ndipo ndinawauza choncho. Sanadziteteze. Anati ndanena zoona, manja ali pa mawondo.

Ndili mwana ndinkayesa kuti m'nyumba muja wamantha ndinali ine ndekha, kuti ababa akanangomva choonadi akanakonza zonse tsiku lomwelo. Lero ndikudziwa kuti Malamlungu aja pakhomo la chipinda tinkaimapo amantha awiri, wina atagwira ndodo, wina atabisa batire, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kulankhula. Limbani anali m'katimo akudikira tonse awiri.